Mvula Zakale za m'Dongo

Ana inu, Zeka, Lurdesi, ndi iwe Tino amene sukhala pansi, ndabwereka kope la Lurdesi lomwe linatsala masamba kuti ndikulembereni izi. Mukudziwa kuti ine pakamwa sindichita bwino. Ndikayamba kufotokoza, wina telefoni yalira, wina akuseka mano anga otsalawa. Papepala palibe wondidula mawu. Mukapeza polakwika mundikhululukire. Shikola yanga inathera kalasi yachinayi, ndipo inali ya pansi pa mtengo wa mango.

Wandiyambitsa ndi Zeka. Dzana uja anatsika njinga kuchokera ku Milanje, chifuwa patsogolo, akuti aphunzira za nthawi imene dziko linazizira mpaka maiko akutali anakutidwa ndi madzi oundana. "Agogo, izi n'zozama, inu simungazimve," anatero. Ndinangoti eya. Koma mwana iwe, nthawi imeneyo ine ndinainyamulapo pamutu panga, m'nsungwi zisanu ndi imodzi.

Ndiyambe ndi amayi anga. Anali oumba mbiya. Inu mwakulira m'zidebe zapulasitiki zimene madzi ake amafunda ngati mkodzo wa ng'ombe, ndiye simudziwa kukoma kwa madzi a mumtsuko mwezi wa Okutobala. Amayi ankaumba mitsuko, miphika ndi nkhali zofululira mowa, n'kumakasinthitsa ndi mchere ku Majawa. Ine ndinali wowasenzera dongo kuchokera kumtapo. Mtapo ndi pamene azimayi amakumba dongo loumbira, ndipo mwamuna sapondako. Akapondako, mbiya zimaphulika pamoto, nayenso m'nyumba mwake amafooka. Ngakhale dongo laliwisi lochokera kumeneko mwamuna sankaliyang'ana. Akakumana nawe utasenza dengu, ankapatukira kutchire ngati waona apongozi.

Amayi anandiphunzitsa kuyesa dongo ndi mano. Umaluma pang'ono. Likachita kerekese, lili ndi mchenga. Likaterera ngati chiponde, ndi lofewa. Panali dongo lina la mizeremizere, woyera ndi wakuda, limene ankadana nalo chifukwa likauma limagawanika ngati anyezi. Limenelo tinkangolitaya.

Za nkhondo sindinena zambiri. Zina zake si zolemba m'kope la mwana. Mungodziwa kuti mudzi wathu utapsa tinathawira kudambo lina kuseri kwa mapiri, kutali ndi msewu, ife ndi mabanja ena. Ndinali namwali wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zinayi, wamanyazi moti munthu akandifunsa dzina ndinkayankha zala zanga zakuphazi. Tinkavala masaka ndi chiwondo cha makungwa. Mchere wathu unali chidulo. Tino, ndikuona ukufuna kufunsa: ayi, nsapato kunalibe.

Tinakhala pamenepo mvula zingapo, kubisala ndi kulima. Kenaka kunabwera chilala chachikulu chija. Chiperoni chimene chimatinyowetsa m'chisanu chaka chimenecho chinangodutsa chouma. Kamtsinje kathu kanaphwa. Tinali ndi kalongonda m'nkhokwe, koma kalongonda amafuna kuphikidwa tsiku lonse ndi kutayidwa madzi kangapo, ndipo madzi otaya tinalibe. Azimayi olimba mtima ankapita ku Ruo ndi mitsuko, ulendo wa tsiku lathunthu, koma anthu amfuti anadziwa ndipo ankadikira padooko. Awiri sanabwerere.

Choncho amalume anga, a Ferenando, amene ankatitsogolera ndi kutipempheretsa popeza wansembe kunalibe, anasonkhanitsa amuna kuti akumbe chitsime kumunsi kwa dambo. Anakumba masiku ambiri, dzenje n'kutalika ngati anthu atatu osanjikizana. Lachisanu lina khasu linalira pachinthu cholimba. Linali dothi lofiira, louma gwa ngati njerwa yowotcha. Okumba zitsime ali ndi lamulo lawo: dothi likafiira n'kuuma, chitsime chafa, kakumbe pena. Koma mphamvu zokumbira pena panalibe amene anali nazo.

Madzulo amenewo amalume analengeza kuti Lolemba m'mamawa tonse tinyamuka kupita ku Malawi. Njira yake inali yokwera mapiri, ndipo m'malo ena munali mabomba okwirira. Aliyense ankayenera kuponda pamene wa patsogolo waponda. Amayi anga miyendo inali itatupa ngati mitondo, kufika kuchimbudzi ankachita kukwawa. Panjira yotero machila sayenda.

"Mundisiyire mtsuko umodzi ndi makaka," anatero amayi, ngati akukamba za nkhuku. "Iwe Nasita upite ndi amalume ako."

Ndinapita kukaima pachitsime chakufacho, osadziwa kuti ndikufunako chiyani. Pambali pake panali milu ya dothi limene amuna anatulutsa. Mulu woyamba unali wakuda. Wachiwiri, waukulu, unali dongo la mizeremizere lija. Wachitatu unali timagwengwe tofiira. Dongosolo limeneli ndinkalidziwa. Kumtunda kwa dambo kunali chigwembe chakuya chimene madzi anachigumula, ndipo ndi m'menemo m'mene ndinkakumbira amayi dongo chiyambire miyendo kuwavuta. Pakhoma la chigwembecho zinali chimodzimodzi: pamwamba lakuda, kenaka la mizeremizere, kenaka lofiira lolimba. Koma kumtapoko lofiiralo silinali mapeto. Pansi pake panali mchenga ndi timiyala, ndipo ndikaima pamenepo zidendene zanga zinkazizira. Ndinali nditayesapo kufukula, koma mchenga unkangogumuka n'kundipatsa matope odzaza chikhatho.

Amuna onse aja sakanadziwa zimenezi. Palibe mmodzi anali atapondako.

Tsopano ndikuuzeni za a Benedito. Anali bambo amene anafika pakati pathu ali okha, n'kunena kuti ndi oluka madengu. Madengu awo anali opindika moti nkhuku inkakana kuikiramo. Ine ndinawazindikira tsiku loyamba: anali apulofesolo amene anabwerapo kushikola kwathu kudzatiyesa mayeso. Nawonso anadziwa kuti ndawazindikira. Sitinanene kanthu, chifukwa masiku amenewo mphunzitsi ankaphedwa kaamba kongokhala mphunzitsi, ndipo makutu a anthu amfuti ankafika paliponse.

Loweruka m'mawa ndinawapeza akung'amba nsungwi. Ndinagwada chapatali, n'kufotokoza movutika, motsitsa mawu.

"Lankhula mokweza, mwanangu, ine si nyerere," anatero. Nditabwereza, anaika mpeni pansi. "Ndiperekeze ndikaone."

"Bambo, n'kumtapo."

"Aa, zoona." Anakanda mutu. Kenaka anatola nsungwi yong'ambidwa pakati, ngati kamgula. "Ngati ine sindingapite kukhoma, khoma libwere kuno. Ukakanikize izi pakhomapo, imodzi pansi pa inzake, kuyambira pamwamba mpaka pansi, udule dongo ndi mpeni kumbuyo kwake. Usasokoneze. Iwe ndiwe wosamala, ndinaona kalembedwe kako."

Mawu amenewo anandisangalatsa kuposa chakudya. Ndinagwira ntchitoyo m'mawa wonse. Nsungwi iliyonse ndinailemba timipata ndi mpeni, yoyamba kamodzi, yachiwiri kawiri, mpaka zisanu ndi imodzi. Ndinazikulunga m'masamba a nthochi n'kuzisenza pamutu. Tinakaziyala kuseri kwa chulu, ndipo a Benedito anayamba ayang'ana uku ndi uku asanaweramire dongolo. Anapala pamwamba pake ndi mpeni kuti mizere ioneke bwino.

Ana inu, ine dongo limenelo ndinali nditalitaya madengu osawerengeka. Koma litasalazidwa choncho, linali ngati nsalu yoluka munthu waluso. Mzere woyera, mzere wakuda, woyera, wakuda, ina yopyapyala ngati tsitsi, ina yonenepa ngati chala.

"Mizere iwiriyi ikusiyana bwanji?" anafunsa. "M'mabuku ndinawerengamo, koma ndi maso sindikutha kusiyanitsa bwino."

Ndinatsina woyera n'kuluma. "Uwu uli ndi mchenga." Ndinaluma wakuda. "Uwu ukuterera, ukununkha masamba owola."

"Madzi amanyamula mchenga liti?"

"M'dzinja, akamathamanga."

"Nanga masamba amagwa liti m'madzi odikha?"

"M'chilimwe." Ndinayang'ananso mizereyo. "Bambo, ndiye kuti iwiriyi ndi chaka chimodzi?"

"Wanena iwe. Pano panali thamanda lalikulu, ndipo chaka chilichonse linkalemba kawiri."

Ndinayesa kuwerenga mizere ya m'nsungwi imodzi yokha. Ndinafika mazana awiri, maso n'kuchita chizungulire, ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndinaganiza za agogo anga, agogo awo, ndi agogo a agogowo. Onsewo akanakwana pa kachigawo kamene chala changa chinaphimba.

Pamenepo a Benedito, molankhula pansipansi, anandiuza zimene Zeka waphunzira dzana. Anati zaka zoposa zikwi khumi zapitazo dziko linali lozizira. Kumaiko akutali kumpoto kunagwa zinthu ngati matalala osasungunuka, n'kuunjikana kutalika kuposa phiri la Tumbine. Madzi ambiri a dziko lapansi anamangika m'menemo, ndiye kuno mvula inachepa. Nkhalango zinathawira m'mapiri, nyanja zinaphwera. Anati kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuboola matope a pansi pa nyanja ndi mipope, n'kuyang'ana ndi galasi lokulitsa mungu wa maluwa umene unatsalira m'matopemo, kuti adziwe mitengo imene inkamera ndi mvula imene inkagwa.

"Ine galasi ndilibe, ndipo sindingalumbire kuti zaka zake ndi zomwezo," anatero. "Koma taona wekha."

Anayambira pa nsungwi yomaliza. Mchenga ndi timiyala, anati, zinabwera nthawi imene mapiri anali ambulanda opanda mitengo. Mvula inkagwa mwakamodzikamodzi koma mwaukali, n'kukokolola miyala. Lofiira lolimbalo linali nthaka imene inakhala padzuwa mibadwo yambiri popanda chithaphwi, mpaka inapsa. Pamwamba pake ndi pamene mizere inayambira, nthawi imene matalala aja ankasungunuka ndipo mvula inkabwerera. Yoyambirirayo inali yopyapyala, yodukaduka, ina yong'aluka.

"Ming'alu iyi ndikuidziwa," ndinatero, manyazi nditawaiwala. "Ndi m'mene matope amachitira thamanda likauma mu Okutobala."

"Ndiye zaka zimenezo madzi sankafika mvula ina. Kwera."

Ndinakwera ndi chala. Mizere inayamba kunenepa, ming'alu inatha, ndipo munali tizigoba ta nkhono zam'madzi, tating'ono ngati mapira. Thamanda silinkaumanso. Kenaka mwadzidzidzi inapyapyalanso, utali wa chikhatho changa chonse, ndipo munali timizere ta makala, kusonyeza kuti tchire linkapsa mpaka m'mphepete mwa madzi. Mvula inali itabwerera, n'kuzengerezanso kwa nthawi yaitali kuposa moyo wa munthu. Pamwamba pa pamenepo mizere inanenepa osabwereranso m'mbuyo.

Chilala chathu chija, chimene tinkaona ngati kutha kwa dziko, chikanakhala timizere tiwiri topyapyala. Sindinganene kuti zinanditonthoza. Zinandichititsa mantha amene umamva m'tchalitchi chachikulu ukalowamo wekha.

"Mchenga uwu ndi mtsinje wakale wokwiririka," anatero a Benedito. "Ukutsetsereka kunka kumunsi, kumene kuli chitsime. Madzi a m'mapiri amayenda m'menemo, ndipo lofiirali ndi chivundikiro chake. Amalume ako aima pachivundikiro."

"Ndiye mukawauze, bambo."

Anandiyang'ana mwachisoni. "Woluka madengu angadziwe bwanji zimenezi? Adzafunsana, ndipo mawu amayenda. Komanso zidendene zimene zinazizira ndi zako."

Lamulungu titatha mapemphero pansi pa mkuyu, anthu anayamba kukambirana za ulendo. Akatundu anali omanga kale. Amayi tinali titawanyamulira pamphasa pambali. Ine ndinaimirira, ndinayenda mpaka pakati pa amuna, ndinagwada, n'kumasula masamba a nthochi.

A Juwawo, mmodzi wa okumba, ndiwo anayamba kuzindikira. Analumpha n'kudziphimba kumaso ndi chipewa. "Dongo la kumtapo! Chotsani, anthuni, ine ndangokwatira kumene!"

Ena anaseka, ena anatembenuka n'kulavula. Amalume nkhope inada.

"Nasita, wapenga? Za kumtapo zibwera bwanji pamaso pa amuna?"

"Pepani, amalume," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye. "Pansi pa lofiira pali mchenga wonyowa."

"Akuti chiyani?"

"Akuti pali mchenga wonyowa!" Anali amayi, kukuwa kuchokera pamphasa. "Achimwene, mwanayo wandikumbira dongo zaka ziwiri ndipo sananditengerepo lolakwika. Mbiya zikaphulika ndi zanga, si zanu. Ndipo iwe Juwawo, mphamvu zakozo ukusungira ndani? Mkazi wako ali ndi ludzu."

Azimayi anafa nalo phwete. A Juwawo anatsitsa chipewa pang'ono, diso limodzi n'kuonekera.

Amalume anazengereza, kenaka anabwera n'kunjuta. Anayang'ana nsungwi yoyamba. "Lakuda ili tinalidutsa." Yachiwiri, yachitatu, yachinayi. "Ili ndi lija linkamata makasu." Anafika pa lofiira, n'kuyeza ndi dzanja. Linali ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Kenaka anatapa mchenga wa nsungwi yomaliza n'kuufinya. Unali utagona tsiku lonse m'masamba, koma unagwirana.

"Ine ndakumba zitsime zisanu ndi ziwiri," anatero, osandiyang'ana. "Sindinadutsepo lofiira."

"Eya, amalume."

"Kumtunda kukhoza kukhala kotero, kumunsi n'kukhala thanthwe."

"Eya, amalume."

"Usamangoti eya! Ukutsimikiza?"

Ndinayang'ana kwa a Benedito. Anali kalikiliki ndi dengu lawo ngati sakumva. Ndinayang'ana amayi.

"Madzi aliko," ndinatero.

Amalume anapereka masiku awiri. Anati madzi amene tili nawo m'mitsuko sangapitirire pamenepo, ndipo Lachitatu tinyamuka, kaya wina atsala. Ana inu, mumvetse: masiku awiriwo tinkamwa madzi a ulendo. Ndikanalakwitsa, anthu onse aja akanakwera mapiri ndi mitsuko yopepuka chifukwa cha ine.

Lolemba makasu awiri anathyoka. Amuna anatenga chitsulo cha galimoto yopsa chimene wina ankasunga, n'kuchinola. Anasonkha moto pansi pa dzenje kuti dothi ling'aluke, anadikira kuti lizizire, n'kumagogoda. Pofika madzulo anali atalowa chikhatho chimodzi chokha. Palibe amene anandilankhula. Mayi wina podutsa anangoti, "Vakhani vakhani," Chilomwe chake, kutanthauza pang'onopang'ono, koma sindinadziwe ngati akundilimbikitsa kapena akundinyoza.

Lachiwiri dzuwa lili pamutu, chitsulo chinalowa mwadzidzidzi mpaka a Juwawo anagwa chafufumimba. Anakulitsa bowolo n'kutapa zapansi. Unali mchenga. Anautumiza pamwamba m'dengu, amalume anaufinya, ndipo unayoyoka pakati pa zala zawo. Unali wouma.

Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Nditsitseni." Bowo la m'lofiiralo linali lopapatiza, mapewa a mwamuna sakanalowa, ndipo ine njala inali itandisandutsa bango. Anandimanga luzi m'chiuno. Ndinatsika kudutsa lakuda, kudutsa mizere yonse ija, zaka zikundidutsa m'maso kubwerera m'mbuyo, za mvula yambiri, za makala, za ming'alu. Ndinadzipanikiza m'bowo lofiira mpaka ndinaima pamchenga. Kumwamba kunatsala kadontho koyera. Kunali zii, ndiponso kozizira.

Ndinakumba ndi phale ndi manja, dengu likukwera ndi kutsika. A Juwawo anandiponyera nsungwi zoti nditchingire m'mbali kuti mchenga usandikwirire. Nditalowa mpaka m'mawondo, mchenga unayamba kuda. Ndinaufinya, unagwirana. Ndinakumbabe. Timiyala tinayamba kutuluka, tobulungira, tosalala ngati ta mumtsinje uliwonse. Kenaka ndinaona pamene ndinachotsa phazi pakunyezimira. Madzi sanatumphuke ayi. Anangobwera mwakachetechete kuchokera mbali yakumtunda, n'kudzaza chidindo cha phazi langa.

"Nasita! Uli moyo?" anakuwa amalume.

Ndinangomiza nsonga ya chiwondo changa m'madzimo, ndinaing'amba, n'kuiika m'dengu. Phokoso limene linamveka pamwamba dengulo litafika sindidzaliiwala.

Atanditulutsa, amalume anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, monga amachitira kwa munthu wamkulu. Pofika madzulo madzi anali atadikha mokwanira kutunga. Anthu anayamba kumasula akatundu. Tinakhala padambo limenelo mpaka nkhondo inatha, ndipo amayi anadzagona m'manda a kwawo patapita mvula zitatu.

Koma ndimalize za tsikulo. Chikho choyamba amalume anati chipite kwa amayi, ndipo ndinachinyamula ndine. Ndikudutsa pamulu wa timiyala totuluka m'chitsime, a Benedito anandiitana ndi chala. Anali atatola kamwala koyera, kosiyana ndi tinzake, kakuthwa mbali imodzi, kokhala ndi timabala totsatana bwinobwino.

"Madzi sasema chonchi," ananong'ona. "Ili ndi dzanja la munthu."

Ndinakatenga. Kanakhala bwino pakati pa chala changa chachikulu ndi chamkombaphala, ngati kanapangidwira ine. Ndinakafika nako kwa amayi, ndinagwada, n'kuwauza zonse: za dziko lozizira, za mtsinje wokwiririka, ndi za munthu amene anakhala m'mbali mwake akusema mwala, mvula yathu ino isanayambe.

Amayi anakatembenuza kamwalako kangapo. Milomo yawo inali yong'aluka, yoyera ndi ludzu.

"Ndiye kuti analipo anthu," anatero. "M'chilala chonsecho."

"Zikuoneka choncho, amayi."

Analandira chikho ndi manja awiri. Sanamwe. Anapendeketsa pang'ono, madzi n'kudontha pafumbi.

"Yambani ndinu," anatero kwa anthu akalewo. "Inu munadikira nthawi yaitali kuposa ife."